Munda wa Kontirolo

Mpaka lero anthu kuno amanditchula aKontirolo. Ana obadwa dzulodzuloli amaganiza kuti ndi dzina la bambo anga. Si dzina langa ilo. Anandipatsa ndi anthu a ku yunivesite, ndipo dzina lomwelo ndi limene linandilanditsa munda.

Ine kwathu ndi kwa Mkhumba. Kuno kwa Nazombe ndinabwera kudzakwatira. Ndiye mukudziwa kale, ndine mkamwini, dothi limene ndimapondali si langa. Minda kuno ndi ya akazi, ndipo amene amanena kuti uwu alime uje, uwo alime uje, ndi amalume awo. Apongozi anga aakazi atamwalira anasiya munda umodzi wabwino kumusi kwa msewu wa ku Chiringa, dothi lakuda, chimanga chake chobisa munthu. Ana aakazi anasiya awiri, mayi a kunyumba kwanga ndi mng'ono wawo. Maliro atatha amalume anakhala pa khonde, anatsamira ndodo yawo, nkunena kuti, "Mundawu muyambe mwalima inu akuluakulu. Koma ine maso ndili nawo. Ndikaona kuti dothi la mlongo wanga likuzunzika, ndipereka kwa wamng'onoyu."

Ndinawomba m'manja. Ana anga ambiri ndi aamuna, amenewo adzapita kolima kwa akazi awo ngati mmene ndinachitira ine. Koma ndili ndi mwana wamkazi mmodzi, ndipo ndinkadziwa kuti mundawo ukakhazikika kwa mayi ake, mawa ndi wa iyeyo. Ndinkalima ndikuganiza za mwana ameneyo.

Nthawi imeneyo matipate anali atabwera kale. Fetereza anali atakwera woti kungomuona m'sitolo, kenako uzipita. Magalimoto oyera ndiye anachuluka m'misewu yathuyi, aliyense ndi nkhani yake yodzatithandiza. Tsiku lina ina inaima pafupi ndi munda uja ine ndikugalauza. Munatuluka mlangizi wathu wa zaulimi, munthu woti tinkadziwana, tinkamwera limodzi thobwa pa maliro. Pambuyo pake munatuluka bambo wina wa magalasi, nsapato zake zonyezimira. Mlangizi anati awa ndi adokotala, osati a kuchipatala, a dothi. Achokera ku yunivesite, akufuna minda yoyandikana m'mbali mwa msewu yoti achitepo kafukufuku, aone chimene chingabwezeretse chonde m'nthaka popanda kudalira fetereza wambiri.

Anasankha minda ingapo. Unalipo wanga. Kanaliponso kamunda ka mkamwini mnzanga, mwamuna wa mng'ono wa mayi a kunyumba, kamunda kamchenga kumtunda kwa msewu, koti ngakhale chinangwa chinkachita manyazi kumerapo.

Adokotala anatiimika pamodzi nkuyamba kuloza. "Bambo awa aziika nandolo ndi ombwe, timitengo tobwezeretsa chonde, pakati pa chimanga. Awa aziika manyowa ndi fetereza pang'ono, tiwapatsa ndife. Inu bambo, munda wanuwu ukhala kontirolo."

Ndikuuzeni kaye. Ndisanakwatire ndinagwirako ulonda ku Limbe. Kapitawo wathu ankayenda ndi kawailesi m'manja, akafika pa geti nkumati, "Kontirolo, kontirolo, kuno zonse zili bwino." Kontirolo kunali ku ofesi yaikulu kumene kunkakhala mabwana. Kontirolo ikati galimoto ipite uko, imapita. Ikati mlonda uje achoke, mawa lake wachoka. Ine sukulu ndinalekera sitandade filii, Chingerezi sindichidziwa, koma mawu amodzi amenewo ndinkawadziwa bwinobwino. Ndinawamva ndi makutu angawa nthawi yonse imene ndinali pa geti.

Ndiye ndinafunsa. "Bwana, kontirolo yeniyeni?"

"Yeniyeni, bambo. Popanda inu kafukufukuyu palibe. Minda yonseyi tiziiyezera pa munda wanu."

"Ine kontirolo ndimaidziwa," ndinatero. "Ku Limbe. Ndi kumene kumachokera malamulo onse."

Adokotala anayang'ana mlangizi. Mlangizi anayang'ana adokotala. Anaseka onse awiri. Kenako mlangizi anagunditsa mapazi, nkundichitira sawasha ngati msilikali. "Ndiye mukuidziwa kale ntchito yanu, bwana kontirolo!"

Apo. Apo ndi pamene pamandiwawa mpaka lero. Anamva. Onse awiri anamva mmene ndamvera ine, anaona kuti munthuyu wasochera. Chikanawavuta n'chiyani kunena kuti iyayi bambo, sizimenezo, kontirolo yathu ndi munda umene timausiya dala kuti uvutike? Ndikanakana pomwepo, akanakafuna wina. N'chifukwa chake sananene.

Malamulo anandipatsa ndi awa. Chimanga chokhachokha. Nandolo ayi. Maungu ayi, khobwe ayi. Manyowa ayi, fetereza ayi. Mapesi mukakolola muwachotse onse, musakwirire. Ndinadabwa, chifukwa kuno kwathu munda wopanda nandolo si munda. Chimanga chikakanika, nandolo ndi amene amatiwolotsa, ndipo masamba ake akayoyoka ndi amene amadyetsa dothi. Ndinafunsa chifukwa chake. Adokotala anati kontirolo imayenera kukhala yoyera, yopanda chosokoneza. Ine ndinakumbukira ofesi ya ku Limbe ija, yopukutidwa, yoti mlonda sulowamo ndi matope. Ndinati zoona. Mumtima ndinkati anzangawa akuwapatsa tinthu ting'onoting'ono poyamba, chachikulu chibwera kwa ine pomaliza.

Anazika chikwangwani cha malata pa munda, chopaka penti woyera, zilembo zakuda. Ndinkachipukuta ndi malaya.

Chaka choyamba dothi linali likadali ndi mphamvu za apongozi, ndinakolola ndithu. Ndipo ntchito ndinaigwira, musaganize kuti ndinkangokhala. M'mawa uliwonse ndisanalowe m'munda mwanga ndinkazungulira minda ya anzanga, manja kumbuyo. Ndikafika kwa mkamwini mnzanga uja nkumati, "Achimwene, mzere wa ombwe uwu wakhota. Adokotala akabwera afunsa ine."

"Pepani bwana kontirolo, tiwongola," iye akuseka. Ine ndinkati ndi ulemu. Mlangizi akadutsa pa njinga yake yamoto ankaimika dzanja nkufuula, "Kontirolo, kontirolo, zonse zili bwino?" Ine nkuyankha kuti zonse zili bwino. Mudzi wonse unatengera pomwepo.

Chaka chachiwiri chimanga chinamera chachikasu, chowonda ngati bango. Ndipo kaufiti anayamba kuoneka, timaluwa take tofiira tija, apa ndi apo. Mlimi aliyense amadziwa, kaufiti akalowa ndiye kuti dothi latopa, ndipo akakhazikika sachoka msanga. Chaka chomwecho boma linagawa sitata paki, kathumba ka fetereza ndi mbewu. Mayi a kunyumba anati tikathire kumusi kuja. Ndinati dikirani ndifunse. Adokotala atabwera anati ayi, mukathire kwina kulikonse koma osati pa kontirolo. Tinakathira kuseri kwa nyumba, pa kamalo koti mbuzi ikagona mchira uli kunja.

Mayi sanasangalale. "Inu bambo, kontirolo yanuyo idyedwa?"

"Simungazimvetse, mayi. Izi ndi za sukulu."

"Za sukulu ine sindizidziwa. Koma chibadwire sindinaonepo bwana woti munda wake ndi wonyansa kuposa wa antchito ake. Takaonani kwa mng'ono wanga. Pamchenga paja chimanga chabiriwira."

Sanandiuze, anangotenga nandolo wa mbewu nkukabzala m'mizere yonse ine nditapita ku msika ku Chiringa. Atamera ndinaona, koma ndinangomusiya, chifukwa kunena zoona mtima wanga unakondwa. Kenako galimoto yoyera ija inabwera. Adokotala atangotsika anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Bambo, mwatipha! Ichi n'chiyani? Izi zikakhala, ntchito yonse yapita m'madzi. Wina aliyense akhoza kulakwitsa, koma osati inu. Inu ndinu kontirolo. Zonsezi zatsamira pa inu."

Anaima pa mzere ndi nsapato zawo zija mpaka ndinazula nandolo yense. Anandizulitsa mbewu ya mkazi wanga, m'munda wa mayi ake omubereka, iye ataima pa chulu ndi khasu pa phewa akuonerera. Anatola timitengo tingapo ta nandolo tija, anatiyang'ana mizu, nkutiponya pansi, ulendo kunyumba. Mlangizi anandisisita pa msana. "Mwachita za udindo, bwana."

Amalume anabwera chaka chomwecho chimanga chili m'chiuno. Anayenda m'munda monse akukankha kaufiti ndi ndodo.

"Akamwini, dothi ili ladwala chiyani?"

"Ndi kafukufuku, amalume."

"Mfuko ndiye ndimaidziwa, imafukula chinangwa. Kafukufuku wanuyu akufukula chiyani muno, poti mulibemo kanthu?"

"Dikirani tsiku la chionetsero, amalume. Kubwera anthu akuluakulu. Mudzamva okha akunena kuti munda uno ndi uti."

"Chabwino. Ndidzabwera ndi makutu anga."

Chionetsero chinachitika chaka chachitatu, mvula ili pakati, chimanga chitamasula. Kunena chimanga, ndikunena cha anzanga. Changa chinali chofika m'mawondo, china chitamasula ngayaye chili chomwecho, pansi ponse pali psuu ndi kaufiti ngati wina wayala nsalu. Musandifunse kuti nanga inu simunkaona. Ndinkaona. Koma munthu wophunzira, wa galimoto, akakuuza maso ndi maso kuti zonse zatsamira pa iwe, umati pali chimene akudziwa. Ndinkati tsiku limeneli ndi limene adzatulutse chachikulu chija.

Malole anabweretsa alimi ochokera kwa Chiwalo, ena kwathu kwa Mkhumba, anthu oti anandiona ndikukula. Kunabweranso azungu awiri ndi makamera. Ine ndinavala jekete yanga ya ku tchalitchi. Mayi, ngakhale anali okwiya, anaphika thobwa wa alendo, anati manyazi a mwamuna ndi a mkazi yemwe. Amalume anabwera ndi ndodo yawo, anaima kutsogolo kwenikweni.

Anayambira kumtunda kwa mkamwini mnzanga. Anthu akugwira zitsononkho, akufunsa za ombwe, akuwomba m'manja. Anapita kwa wa manyowa uja, chimodzimodzi. Kwanga anafika pomaliza. Ndinakonza jekete, ndinaima pafupi ndi chikwangwani. Ndinali nditakonza ndi mawu oti ndilankhule.

Adokotala anatenga chimkuzamawu. Ndikuwamva mpaka lero.

"Tsono uno ndi munda wa kontirolo. Kontirolo ndi munda umene sitichitapo chilichonse, timangousiya kuti tizifanizira ndi inayo. Yang'anitsitsani. Izi ndi zimene zimachitika mlimi akamangolima chimanga chokhachokha chaka ndi chaka, osasamala nthaka yake. Mukufuna munda wanu uzioneka chonchi?"

Gulu lonse, "Ayiii!"

Mayi wina wa kwa Chiwalo anafuula kumbuyo, "Mwini wake ndi ndani, abale? Manja ali nawo?" Anthu anaseka. Wina anandiloza. "Ndi awo a jeketewo!" Mzungu anandijambula nditaima pa chikwangwani, kaufiti ali m'miyendo.

Poyamba sindinamvetse. Kenako zinalowa zonse kamodzi. Sawasha ija. Kuseka kuja. Nandolo uja. Ndinafuula, ndipo mawu anga ndi aakulu. "Bwana! Auzeni anthuwa kuti munandiletsa ndinu! Auzeni kuti nandolo munandizulitsa ndinu!"

Adokotala anamwetulira, nkuika chimkuzamawu pakamwa. "Eee, bambowa atithandiza kwambiri pa kafukufukuyu. Tiyeni tiwawombere m'manja."

Anthu anawomba. Mawu anga anamira m'manja mwa anthu. Mlangizi nkumati, "Nthawi yatha, nthawi yatha, mafunso tikafunsira ku sukulu kuja, zakumwa zikutentha!" Gulu lonse linatembenuka, kuponda timapesi tanga tija popita ku msewu. Thobwa wa mayi sanamwe ndi mmodzi yemwe.

Ndinawathamangira adokotala, ndinawapeza atatsegula kale chitseko cha galimoto. Ndinagwira chitsekocho.

"Bwana, munkadziwa kuti ine ndikumva zina."

"Bambo, ine sindinakunamizeni ngakhale kamodzi. Ndinati munda wanu ndi kontirolo, ndipo ndi kontirolo. Ndinati ndi wofunika, ndipo ndi wofunikadi."

Mukuona? Ndi chimene chimandipsetsa mtima. Ukamufufuza mawu ake limodzilimodzi, bodza sulipeza. Bola wakuba nkhuku, chifukwa ukamugwira amadziwa kuti waba.

Ndinameza mkwiyo. Ndinati, "Chabwino bwana, zapita. Ndikupempha chinthu chimodzi. Mukuwaona akulu a ndodo aima apowo? Ndi eni ake a munda uno. Tiyeni mukawauze ndi pakamwa panu kuti munthuyu si waulesi, tinamulamula ndife. Basi. Sindikufuna fetereza, sindikufuna kanthu."

Anayang'ana wotchi. "Alendowa akuthamangira ku Mulanje, bambo. Tibweranso pokolola, tidzakhala pansi bwinobwino ndi akuluwo."

Amalume anali chapafupi pomwepo, poti ukhoza kuwaponyera chitsononkho nkuwagenda. Galimoto inanyamuka.

Pokolola adokotala sanabwere. Inabwera galimoto ndi mlangizi ndi sikelo. Anayeza tokolola tanga, toti mayi anatinyamula pa mutu ulendo umodzi, nkuzula zikwangwani za anzanga kuika m'galimoto. Changa ndinakaniza. Ndinamuuza mlangizi kuti iwe unalipo tsiku loyamba, unachita sawasha ndiwe, tiye kwa amalume.

"Aaa, achimwene, ija inali nthabwala chabe. Inunso simunaone kuti tikucheza?"

"Zaka zitatu kucheza? Nandolo uja kunali kucheza?"

"Za pabanja ine sindilowerera, ntchito yanga siilola. Ndiponso pulojekiti yatha, adokotala ali kunja, akukaphunzitsa za zomwezi."

Ndinamutukwana. Sindibisa, ndinamutukwana mpaka azimayi a pa mjigo anatseka makutu. Iye analiza njinga yake nkumapita. Chaka chisanathe anamusamutsa.

Amalume sanachedwe. Anaitana ana a mlongo wawo onse awiri, ife akamwini titakhala pambali ngati mmene zimakhalira. Anati, "Ndinanena kuti ndidzabwera ndi makutu anga. Ndinabwera. Anthu ophunzira anena pagulu, pamaso pa alendo, kuti dothi la mlongo wanga silinasamalidwe."

Mayi a kunyumba anagwada. Munthu yemwe uja ndinamuzulira nandolo, ndi amene anandiimira. "Amalume, bambowa si aulesi, mukuwadziwa. Anawapusitsa anthu aja. Mawu a Chingerezi aja iwo anamva zina."

"Ndamva, mwana wanga. Koma kwa dothi n'chimodzimodzi. Kaufiti safunsa kuti mwini munda ndi waulesi kapena anapusitsidwa. Ine sindingasiye munda m'manja mwa munthu woti galimoto ikaima amazula nandolo wa mkazi wake. Mawa kubwera galimoto ina."

Ndinafuna kuyankha, koma mkamwini ayankha chiyani pa nkhani ya dothi la eni? Munda unapita kwa wamng'ono. Mkamwini mnzanga sanandiseke, ndisamunamizire. Anangoyang'ana pansi. Analowa m'munda muja ndi mbewu ya ombwe imene anamupatsa anthu omwewo, anabzala nandolo, anakwirira mapesi. Kaufiti anamuvutitsa zaka ndithu, koma anamugonjetsa. Lero mukadutsa pa msewu wa ku Chiringa muona chimanga chobisa munthu. Anthu amati ombwe ndi wamphamvu. Ine ndimati dothi lija linali labwino kale, analidwalitsa dala kuti mankhwala awo aoneke ochiritsa.

Ife tinatsala ndi kamalo ka kuseri kwa nyumba ndi maganyu. Njala yaikulu ija itabwera tinaiona bwinobwino. Tsiku lina masana ndili pa sitolo, wailesi ikulankhula za ulimi, ndinamva mawu ndikuwadziwa. Adokotala. Akuti kafukufuku wa kuno ku Phalombe anayenda bwino kwambiri chifukwa tinagwira ntchito limodzi ndi alimi, alimi ndiwo anali patsogolo. Anyamata a pa sitolo anayamba, "Kontirolo, kontirolo, akukutchulani!" Ndinanyamuka ndisanaphwanye wailesi ya eni.

Chikwangwani chija ndikadali nacho. Ndinachikhomerera kamtengo, ndi chovundikira pa chimbudzi. Zilembo zinayang'ana pansi.

Mwana wanga wamkazi uja anakula, anapeza mwamuna. Mwamwambo mwamunayo anayenera kubwera kuno, ife nkumuloza munda kuti mkamwini, lima apa. Tikanamuloza pati? Anakhala nafe mvula imodzi akulima kuseri kwa nyumba, atatu pa kamalo kamodzi, makasu akugundana. Kenako anati kuli abale ake ku Mozambique, kuseri kwa phiri, malo aliko. Mwana wamkazi wa kuno, woti anayenera kukalamba pa dothi la agogo ake, anamanga katundu pa njinga.

M'mawa wonyamuka anapempha mayi ake nandolo wa mbewu woti akayambire kumeneko. M'nyumba munalibe. Mayi anatenga kambale nkupita kwa mng'ono wawo kukapempha. Anabwera nako kodzaza, nandolo wabwino, wamkulumkulu, wochokera m'munda womwe uja. Anamumangira pa kansalu.

Ndinawaperekeza mpaka pa msewu. Njira yake ndi yomweyo, yodutsa kumusi kuja, palibe ina. Mwana wanga anatsika pa njinga, anaima, anayang'ana munda. Kenako anati, "Ababa, paja malire ake amathera pa chulu chija?"

Ndinati eya, pa chulu.

Anakwera njinga, anapita.